Batire pa sitima ya dizilo: zimene tinapeza titawerengera njanji ya Kanengo ndi Salima

Chakumayambiriro kwa nyengo yotentha abambo atatu ochita bizinesi muno mu Lilongwe anandiitanira ku ofesi ya mmodzi wa iwo ku Area 4. Ntchito yanga ndi ya magetsi a makina akuluakulu: majenereta a m'mafakitale, mamota, ndipo zaka zaposachedwazi ndakhala kwambiri pa sola ndi mabatire a lithium. Anandifuna chifukwa mutu wa sitima ya dizilo, ukauvula malata, ndi jenereta yokhala pa magudumu. Injini imazunguza jenereta, jenereta imapereka magetsi ku mamota amene ali pansi, mamotawo ndi amene amakoka.

Maganizo awo anali oyendetsa sitima ya anthu pakati pa Kanengo ndi Salima katatu pa sabata, kuti izinyamula opita kunyanja kumapeto kwa sabata komanso amalonda a nsomba ndi mpunga. Kwa zaka zambiri anthu a ku Lilongwe sakwera sitima. Ya anthu imayenda kummwera, ku Limbe, Balaka mpaka Nayuchi. Njanji yokha ilipo. Ya Salima kufika ku Lilongwe inatsegulidwa mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo mu 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Nacala inafikanso ku Kanengo patapita zaka zoposa 20. Zimenezi ndi zimene zinawadzutsa mtima abambowa. Anali atapeza mutu wakale umene wina kunja amagulitsa, ndipo anamva kuti mabungwe opereka ndalama za kusintha kwa nyengo angaikepo dzanja ngati mutuwo utausandutsa hybrid, ndiye kuti kuuikira batire lalikulu loti lizithandizana ndi injini. M'chikalata chawo anali atalemba kale kuti dizilo adzatsika ndi 25 peresenti. Kwa ine amangofuna siginecha pansi pa nambalayo.

Ndinapempha milungu isanu ndi umodzi. Za chilolezo choyenda pa njanji ndinawauza poyambirira kuti si zanga; njanjiyi ili m'manja mwa Central East African Railways kuyambira mu 1999, ndipo zimenezo akakambirane ndi eni ake komanso boma. Lipoti ili likunena za makina basi.

Kumene 25 inachokera

Nambalayi sanaipeke ayi. Mu February 2022 kampani ya Chiltern Railways ku England inayamba kunyamula anthu pakati pa London Marylebone ndi Aylesbury pa sitima ya mtundu wa Class 168 imene anaichotsa injini zakale n'kuika zatsopano za MTU zokhala ndi mota ndi batire. Ntchitoyo anaitcha HybridFLEX, ndipo eni ake ananena kuti mafuta ndi mpweya wa carbon dioxide zingatsike mpaka ndi 25 peresenti. Mawu oti "mpaka" ndi amene anagwera panjira nambalayo isanafike ku Area 4. Chinanso chimene abambowa sanamve n'chakuti pofika mu 2023 ntchitoyo inaima, ndipo sitima zina za mtunduwo sanazisandutse hybrid.

Ku France anatenga njira ina. Pa sitima ya Régiolis anachotsa injini ziwiri mwa zinayi n'kuika mabatire m'malo mwake, ndipo inayamba kunyamula anthu m'chigawo cha Occitanie mu December 2023, cholinga chili kupulumutsa 20 peresenti. Koma chitsanzo chimene ine ndinachikhulupirira kwambiri ndi cha ku Japan. KiHa E200 inayamba ntchito mu 2007 pa njanji ya Koumi, njanji ya m'mapiri yokhotakhota komanso yosathamanga, ndipo kampani ya JR East inanena kuti mafuta anatsika ndi pafupifupi 10 peresenti. Iyo inali yatsopano, yopangidwa dala ngati hybrid kuchokera kufakitale. Ndinaika nambala zitatuzi pakhoma, n'kuyamba kufunsa kuti yathu ingagwere pati.

Batire pa sitima limapulumutsa dizilo m'njira zitatu. Limalandira mphamvu imene ikanatayika pomanga mabuleki. Limalola kuti injini izime sitima ikaima. Ndipo limathandiza kuti injini izigwira ntchito pa liwiro limene imamwa bwino mafuta, osati kumangokwera ndi kutsika. Ku Ulaya phindu lalikulu limachokera pa yoyambayo, chifukwa sitima zawo zimathamanga kwambiri n'kumaima pafupipafupi.

Apa pali masamu ochepa amene sitingawazembe. Mphamvu ya chinthu choyenda simakula mofanana ndi liwiro. Ukachulukitsa liwiro kawiri, mphamvu imachuluka kanayi. Ukachulukitsa katatu, imachuluka ka 9. Class 168 imatha kufika makilomita 160 pa ola. Sitima ya abambowa tinaiika pa makilomita 50 pa ola, ndipo pamenepo tinali titaikomera mtima. Ndiye kuti pa tani iliyonse, ya ku England ikamaima kuchokera pa liwiro lake lonse imakhala ndi mphamvu yoti ibweze kuchulukitsa ka 10 poyerekeza ndi yathu.

Tinatenga mutu umodzi ndi mabogi asanu ndi limodzi, anthu ndi katundu ali momwemo, n'kunena kuti zonse ndi matani 300. Sitima yotere ikamaima kuchokera pa 50, mphamvu yonse imene ili nayo ndi 8 kWh, ndiye kuti mayunitsi 8 a magetsi ngati amene timagula kunyumba. Ikadutsa m'mamota, mu inveta (makina osintha mtundu wa magetsi), kulowa m'batire n'kutulukanso, zotsala ndi 5 kapena kuchepera. Lita imodzi ya dizilo ili ndi pafupifupi 10 kWh, koma injini imatembenuza gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kukhala ntchito, zina zonse zimapita ngati kutentha. Choncho 5 kWh ndi lita imodzi ndi theka. Ngakhale sitimayo itaima kasanu panjira, malita 10 sakwana. Pamenepo 25 peresenti inali itagwa kale.

Chitunda cha Salima, ndi pamene ndinalakwitsa

Chimene chinanditsitsimula n'chakuti ife tili ndi chinthu chimene njanji ya Aylesbury ilibe. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Salima ili cha pa 500. Aliyense amene anatsikapo pa galimoto mu msewu wa M14 amadziwa mmene makutu amatsekekera. Sitima ya matani 300 ikatsika mamita 550, mphamvu imene imamasuka ndi 450 kWh. Nditaisandutsa dizilo inabwera malita oposa 130 pa ulendo umodzi. Usiku umenewo ndinatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mmodzi wa abambo aja kuti mwina 25 yawo ipulumuka. Ndikanadikira kuche.

Amene anandibweza ndi mdala wina wa ku Area 25 amene anayendetsapo sitima nthawi ya Malawi Railways, pa mitu ija yochokera ku Canada. Ndinamupeza kudzera mwa mlamu wanga, ndipo ndinkapita kwawo Loweruka masana, tikukhala pakhonde, iwo akusenda nzimbe ndi kampeni kakang'ono. Nditawaonetsa pepala langa anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati:

"Mwanawe, iwe ukuganiza kuti ukachoka ku Kanengo umangomasula n'kukhala chete mpaka ku Salima? Pali pena umakoka. Pali pena umangoyandama, sumanga sukoka. Pomanga zenizeni ndi pang'ono, koma pamenepo ndiye umagwira mtima."

"Nanga Madala, pomangapo mumagwiritsa ntchito mabuleki ati?"

"Onse. A magetsi amagwira mutu wokha, ndipo liwiro likatsika amafooka. Mabogi umawagwira ndi a mpweya. Ukadalira a magetsi okha pokhota, mabogi amakukankha kumbuyo ngati ng'ombe zothamangira kudambo."

Ndinachita manyazi, chifukwa zimenezi zili m'buku lililonse ndipo ndinazidumpha chifukwa chokondwa ndi nambala. Sitima ikamayenda imalimbana ndi kukhulana kwa magudumu ndi njanji, kwa mabering'i, kwa mphepo ndi kwa makona. Pa liwiro lotsika timawerengera ngati makilogalamu atatu okoka pa tani iliyonse. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 zimenezi zimadya 270 kWh. Si zonse zimene zimachotsedwa pa 450 ija, popeza pamalo athyathyathya injini ndi imene imalipira, komabe pa mtsetse uliwonse kukhulanako kumayamba kudya gawo lake mabuleki asanaone kanthu. Kuchotsanso zimene mabuleki a mpweya amawotcha pa zitsulo za magudumu, ndi zotayika m'mawaya ndi m'batire, ndinatsala ndi 130 mpaka 160 kWh zobwerera ku magudumu. Ndiwo malita 40 mpaka 50.

Pobwerera, kukwera chitunda chomwecho kumafuna 450 ija kuphatikiza 270, ndiye malita pafupifupi 220. Ulendo wonse wopita ndi kubwera ndinauika pa malita 300 mpaka 350, osawerengera nthawi yoima. Kupulumutsa malita 45 pa amenewa ndi pakati pa 12 ndi 15 peresenti. Uku ndi kuwerengera kwa papepala, kwa tsiku limene zonse zayenda bwino, ndipo kukugwera pafupi ndi 10 ya ku Japan kusiyana ndi 25 ya ku England. Lita ya dizilo imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a carbon dioxide, choncho maulendo 150 pa chaka angachotse matani 18 okha. Kwa bungwe lopereka ndalama za nyengo, nambala imeneyi siigwedeza mpando.

Ndingoonjezerapo ka mbali, kwa amene akuganiza zoyesa izi pa sitima za katundu: kuno katundu wolemera monga mafuta ndi feteleza amakwera kubwera ku Lilongwe, ndipo matanki amatsika opanda kanthu. Mtsetse umatipatsa mphamvu pamene sitima yapepuka, n'kutilipiritsa pamene yalemera.

Panali vuto linanso limene mdala uja anandikumbutsa ndi mawu ake oti pomangapo ndi pang'ono koma umagwira mtima. Mphamvuyo simabwera pang'onopang'ono njira yonse, imabwera mwa chigumula. Tiyerekeze sitima yathu ili pa makilomita 40 pa ola pamalo pamene mabuleki ayenera kugwira mtsetse wa mita imodzi ndi theka pa mamita 100 alionse. Batire liyenera kumeza pafupifupi 500 kW nthawi imodzi. Mabatire a lithium a mtundu wa LFP, amene ife a sola tinawazolowera, amakhala nthawi yaitali ukamawatchaja mosapitirira kukula kwawo pa ola limodzi, ndiye kuti kumeza 500 kW kumafuna batire la 500 kWh, ngakhale kuti zimene ukusunga ndi zosakwana theka lake. Alipo a mtundu wa LTO amene amameza msanga osadandaula, koma mtengo wake ndi wina, ndipo ndi olemera pa mphamvu imene amasunga. Batire la 500 kWh, pamodzi ndi bokosi lake lachitsulo ndi zoziziritsira, silichepera matani asanu. Pa mutu wakale malo otere palibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, njanji ndi milatho zili ndi malire a kulemera kumene kungagwere pa magudumu awiri alionse. Njira ya ku France yochotsa injini ina sitingaitsate, chifukwa mutuwu uli ndi injini imodzi ndipo chitunda chobwerera chimaifuna yonse. Batire likanayenera kukhala pa bogi lakelake kumbuyo kwa mutu, ndipo bogi limenelo nalo uyenera kulikoka pokwera.

Titafunsa wogulitsa uja mapepala a mutuwo, tinapezanso kuti mabuleki ake a magetsi anawadula kalekale. Ma resistor a padenga, amene amawotcha magetsi ochokera ku mamota pomanga, anapsa ndipo sanawabwezeretse. Mamota ake ndi akale, a mtundu wotchedwa DC, amene kuti abweze magetsi m'batire amafuna makina ena pakati owongolera mphamvu yake. Izi pa mtengo umene anawauza abambo aja panalibe.

Zimene zinachitika m'kontena

Sindinkafuna kupereka lipoti la papepala pokha. Mutu wa sitima tinalibe, choncho tinapanga kachitsanzo pa yadi ya mnzanga ku Kanengo: jenereta ya dizilo, mabatire a LFP amene ndinabwereka ku ntchito ina, inveta, ndi mota yozunguza chigudumu cholemera kuti tizitha kukoka ndi kumanga. Zonse tinaziika m'kontena ya mafiti 20. Cholinga sichinali kuyeza maperesenti, kachipangizo kotere sikangakuuze zimenezo. Ndinkafuna kuona chimene chingayambe kufa.

Chinayamba ndi kutentha. Unali mwezi wa October. M'mawa zonse zinkayenda bwino, koma itakwana 2 koloko masana, tili pakati pomanga chigudumu chija, kompyuta yoyang'anira mabatire inadula. Mabatire ambiri a lithium amakana kulandira moto akatentha kufika cha pa madigiri 45 mpaka 55, ndipo amachita bwino kukana. Mota inasowa koponya magetsi, inveta inalira n'kuzima, chigudumu chinapitiriza kuzungulira chokha popanda choigwira. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bwana, chikhala kuti tili pa mtsetse paja, bwenzi pano tikupemphera." Ankanena zoona. Vuto linali langa: fani yokokera mphepo ku mabatire ndinaiika mbali imene radiyeta ya jenereta imapumira, ndiye tinkawauzira mphepo yotentha kale. Tinasuntha fani, zinakhalako bwino. Koma phunziro lake ndinalilemba ndi zilembo zazikulu mu lipoti: pa sitima, ma resistor aja ayenera kukhalapo ndipo akhale amoyo, kuti batire likakana kapena likadzaza, magetsi apeze kopita pa kamphindi komweko. Batire silingalowe m'malo mwawo. Ndipo ngati Kanengo inatichita chonchi, Salima mu November ndi ng'anjo.

Si kuti lithium sangakhale kunyanja. Ku Golomoti, m'mphepete mwa njanji yomweyi ukapitirira Salima kulowera ku Balaka, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 20 MW okhala ndi mabatire a 10 MWh, amene anayamba ntchito mu 2022. Koma amenewo akhala pa simenti, sagwedezeka, ndipo ali ndi makina oziziritsa. Kuziziritsako nako kumadya magetsi, ndipo pa sitima magetsiwo amachokera pa malita 45 omwe aja.

Chachiwiri chinali fumbi. Patangotha masabata awiri sefa ya pa fani inali itasanduka chikopa chofiira, ukaigogoda pansi fumbi n'kumatuluka ngati ufa wa mgaiwa. Chachitatu tinachichita dala. Tinakweza shelefu imodzi ya mabatire pa lole, ili yolumikizidwa ndipo ikugwira ntchito, n'kuyenda nayo mumsewu wa fumbi wa mabampu kwa theka la tsiku. Titatsegula tinamva kafungo ka pulasitiki yopsa. Bauti imodzi ya pa waya wamkulu inali itamasuka pang'ono chabe, moti ndi chala sukanaizungulitsa, koma chitsulo cha pamutu pa wayayo chinali chitada bii, ndipo chikopa cha wayayo chitafewa mpaka kumata pa sipanala. Mabatire a panyumba sanapangidwire kugwedezeka. A pa sitima amayesedwa mwapadera pa zimenezi, n'chifukwa chake mtengo wake suyandikana ndi umene timauona m'mashopu a sola ku Old Town. Nkhani ya moto si yongoopseza. Mitu ya hybrid ya Green Goat, imene kampani ya Railpower inkapanga kuchokera ku mitu yakale ku Canada ndi ku America, yambiri anaiimitsa kaye mu 2007 mabatire ake atayaka pa ingapo, ndipo amenewo anali a asidi wamba. Kumbuyo kwa bogi la batire lathu kukanakhala amayi ndi ana.

Dizilo amene amapsa sitima itaima

Phindu lenileni ndinalipeza pamene sindinkayang'ana. Tsiku lina ndikudikira mnzanga pafupi ndi njanji, ndinakhala ndikumvetsera mutu wina ukungolira pamalo amodzi, utsi ukukwera mowongoka, palibe chimene ukukoka. Zimenezi zimachitika pa njanji za dziko lonse lapansi. Loweruka lotsatira ndinawafunsa Madala chifukwa chake oyendetsa sakonda kuzimitsa.

"Ndikazimitsa n'kukana kulira, ukandikankha ndiwe?" anatero akuseka. "Si minibasi iyi. Komanso ukazimitsa, mpweya wa mabuleki umatha pang'onopang'ono. Kuti udzaze mabogi onse kachiwiri, nthawi yapita."

Kumayiko ozizira amasiya injini ikulira poopa kuti madzi aundana. Kuno chifukwa chimenecho palibe. Zotsala ndi ziwiri zimene ananenazi: mabatire olizira injini osadalirika, ndi kompuresa ya mpweya imene imazungulira pokhapokha injini ikulira. Pa sitima ya anthu pali chachitatu, magetsi ndi mafani a m'mabogi.

Mutu waukulu ukamangolira osakoka umamwa malita 10 mpaka 20 pa ola. Ndinatenga ndandanda imene abambo aja anakonza okha. Kukonzekera ndi kukweza anthu ku Kanengo, kudikira ku Salima kuti opita kunyanja abwerere, ndi kupatukirana ndi sitima za katundu panjira, zonse pamodzi sizikanachepera maola anayi pa tsiku. Pa malita 15 pa ola, ndi malita 60. Akuposa onse amene tikanawatola pa mtsetse ndi bogi la matani asanu lija. Ndipo kuti uwapulumutse sufuna 500 kWh. Ufuna mabatire olizira atsopano, kompuresa ina yaing'ono yoyendera magetsi, batire la 40 kapena 50 kWh loti lizigwira kompuresayo ndi magetsi a m'mabogi, ndiponso kachipangizo kozimitsa ndi kuliza injini kokha kakaona kuti mpweya kapena moto watsika. Zipangizo zoterezi zilipo kale pa msika ndipo njanji zambiri ku America zimazigwiritsa ntchito. Batire laling'onolo likhoza kutchajidwa ndi injini poyenda, kapena pa magetsi a ESCOM usiku. Magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye ndi oyera kusiyana ndi dizilo, ngakhale tonse tikukumbukira zimene zinachitika namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, pamene 130 MW inachoka tsiku limodzi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno; malita 60 amenewa ndiwo ali pamphuno.

Kuzimitsa pa siteshoni kulinso ndi ubwino umene sulowa m'masamu a carbon. Utsi wa injini yoima umagwera pomwe pali anthu, pa ogulitsa nthochi ndi chimanga chowotcha, pa amene akukwera. Ndipo injini yaikulu ikalira nthawi yaitali yopanda katundu imayamba kulavula oyilo ndi dizilo wosapsa bwino m'paipi ya utsi, zimene aliyense wosamalira majenereta anaziona.

Za utsi wakuda

M'chikalata chawo abambowa anakoperanso nambala zina za HybridFLEX, zoti mpweya wa nitrogen oxide utsika ndi 70 peresenti ndipo mwaye ndi 90. Izi ndinazifufuta zonse. Kutsika kumeneko kwakukulu kumachokera ku injini yatsopano ya muyezo wa ku Ulaya wa Stage V, yokhala ndi sefa ya mwaye ndiponso yothira madzi a AdBlue mu utsi. Batire lokha silingayeretse injini ya zaka makumi anayi. Ndipo injini zoterezi zinapangidwira dizilo wa sulphur wosapitirira 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni) amene amagulitsidwa ku Ulaya, pamene wathu ndi wa 50 ppm. AdBlue, masefa ndi munthu wobwera ndi laputopu ikadwala, zonsezo ndi ndalama zakunja, m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Pa injini yakaleyo, kukonza ma injector, turbo ndi masefa a mphepo kungachepetse utsi wakuda umene anthu amauona ndi maso, pa mtengo umene angaukwanitse.

Zimene ndinalangiza

Ndinalemba kuti sindisayina pa 25. Ndinalangiza kuti ngati agula mutuwo, ayambe n'kuukonza: injini, mabuleki a magetsi ndi ma resistor ake. Kenako aike zozimitsira injini ndi batire laling'ono lija, zimene pa ndandanda yawo zingachotse malita 50 kapena 60 pa tsiku la ulendo. Aikenso mita yoyezera dizilo ndi kachipangizo kolemba liwiro, malo ndi magetsi a m'mamota sekondi iliyonse, n'kuyenda nako chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe. Pakutha pa chakacho adzakhala ndi nambala yeniyeni ya mphamvu imene ma resistor amawotcha pa mtsetse wa Salima, osati yanga ya papepala, ndipo ndi imeneyo angaweruze ngati bogi la batire lingadzilipire lokha lisanakalambe. Pa maulendo atatu pa sabata ine sindikuona likudzilipira. Batire limabweza ndalama ndi kuchuluka kwa maulendo, ndipo kumene hybrid ingayambe kupindula msanga kuno ndi pa mutu wosuntha ndi kulumikiza mabogi pa yadi, umene umakoka pang'ono n'kuima tsiku lonse. Ku Japan kampani ya katundu ya JR Freight inayambira pomwepo ndi mutu wa hybrid wotchedwa HD300.

Ndinawonjezera ndime imodzi imene sanandifunse. Ngati akufuna nambala yokopa opereka ndalama, aiyang'ane mu msewu wa M14. Mabogi asanu ndi limodzi odzaza ndi anthu mazana angapo, amene akanakwera maminibasi ambirimbiri ndi magalimoto awoawo. Kuwerengera kumeneko kumafuna kudziwa kuti ndi anthu angati amene angasiyedi msewu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wina, osati ya wamagetsi.

Tsiku lopereka lipoti, wamkulu mwa atatuwo anawerenga tsamba loyamba n'kulitembenuza chafufumimba patebulo.

"Achimwene, ndiye tikawauza chiyani azungu aja? Akuti akufuna hybrid."

"Mukawauze kuti ndi hybrid ndithu, Bambo. Batire lilipo, injini ilipo, zikuthandizana. Kungoti batire lake ndi lokwana pa bogi la katundu, osati lofuna bogi lakelake."

Sanasangalale, koma anandilipira. Mmodzi mwa atatuwo anachoka mu gululo mwezi wotsatira. Awiri otsalawo analembanso chikalata chawo ndi nambala zanga, ndipo pamene ndikulemba pano akudikira yankho, mutu uja sanaugule. Mabatire ndinabweza kumene ndinabwereka, kupatula shelefu ya waya wopsa ija imene ndinalipira ndekha. Kontena ikadali pa yadi ku Kanengo, mnzanga akusungiramo matayala.